Kodi nambala za pa Google Scholar zingandiuze wofufuza amene ali ndi chikoka chenicheni?

Funso la wowerenga: Ndamaliza digiri yoyamba ya sayansi ya zakudya ndipo ndikufuna kuyamba masitazi. Andiuza kuti ndisankhe mmodzi mwa aphunzitsi awiri kuti aziyang'anira kafukufuku wanga. Oyambawo ali ndi mapepala oposa 200, h-index yawo pa Google Scholar ndi 52, ndipo dzina lawo lili pa mndandanda wa asayansi otchulidwa kwambiri padziko lonse. Achiwiriwo ndi achikulire, h-index yawo ndi 13 yokha, koma akuti anagwira nawo ntchito yotulutsa mitundu ya nyemba imene alimi akubzala, komanso amakhala m'komiti yokonza malamulo a ukhondo wa zakudya. Mwa awiriwa, ali ndi chikoka chachikulu pa sayansi ndi ati? Nambalazi ndizikhulupirire mpaka pati?

Nambala mwaonazo si zabodza, koma zikuyankha funso lina, osati lanuli. Zikunena kuti mayina a aphunzitsiwo alembedwa kangati kumapeto kwa mapepala a anzawo. Inu mukufuna kudziwa chimene chinasintha chifukwa cha ntchito yawo, kaya ndi mmene anthu amayezera zinthu mu labotale, mbewu imene ili m'munda, kapena lamulo limene fakitale ikutsatira. Nthawi zina mayankho awiriwa amagwirizana. Pa sayansi ya zakudya ndi zomera amatalikirana kawirikawiri, ndipo zifukwa zake n'zodziwika.

Tiyambe ndi h-index yeniyeniyo. Anaiyambitsa mu 2005 ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku University of California, San Diego. Kawerengedwe kake n'kosavuta: aphunzitsi oyambawo ali ndi mapepala 52 amene lililonse latchulidwa maulendo 52 kapena kuposerapo. Ubwino wake ndi woti pepala limodzi lamwayi silingaikweze, ngakhalenso mulu wa mapepala amene palibe amawawerenga. Koma nambalayi siitsika, ngakhale munthu atasiya kafukufuku zaka 15 zapitazo. Siigawidwa pakati pa olemba: pepala likakhala ndi mayina 40, aliyense amalandira kutchulidwa konse ngati kuti analilemba yekha. Imasinthanso malinga ndi kumene mwaiona. Google Scholar imawerenga pafupifupi chilichonse chimene yapeza pa intaneti, kuphatikizapo malipoti ndi zolemba za ophunzira, pamene Scopus ya kampani ya Elsevier ndi Web of Science ya Clarivate zimawerenga magazini osankhidwa okha. Munthu yemweyo amaoneka wamkulu pa Google Scholar kuposa pa Scopus, choncho musayerekeze nambala ya uku ndi ya uko.

Tsopano taonani mtundu wa mapepala amene amatchulidwa kwambiri. Mu 2014 magazini ya Nature inatulutsa mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi. Pepala la Watson ndi Crick lofotokoza kapangidwe ka DNA silinalowe n'komwe. Pamwamba panali pepala la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni, limene panthawiyo linali litatchulidwa maulendo oposa 300,000. Lachiwiri, la Laemmli la mu 1970, ndi lachitatu, la Bradford la mu 1976, nawonso ndi njira zogwirira ntchito ndi mapuloteni mu labotale. Pa zomera chitsanzo chathu ndi pepala la Toshio Murashige ndi Folke Skoog la mu 1962, la msakanizo wa mchere ndi michere wolerera tizidutswa ta zomera m'mabotolo. Iwo ankayesera pa fodya, koma lero aliyense wochulukitsa nthochi kapena mbatata m'botolo amayamba ndi msakanizo umenewo, ndipo akalemba pepala amawatchula. Chimenechi ndi chikoka chenicheni, palibe angatsutse. Chimene ndikufuna muone n'chakuti njira yoyezera imatchulidwa tsiku lililonse munthu akaigwiritsa ntchito, pamene ganizo lalikulu likangovomerezeka limalowa m'mabuku a sukulu, anthu n'kusiya kutchula mwini wake. Ngakhale njira zimene, zikakalamba zimataya dzina la pepala lawo. Johan Kjeldahl anatulutsa njira yoyezera nayitrojeni mu 1883 ali ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, ndipo inu pa digiri yoyamba ija munaigwiritsa ntchito, n'kuchulukitsa ndi 6.25 kuti mupeze puloteni. Komatu pa lipoti lanu simunatchule pepala la Kjeldahl. Munatchula buku la njira za AOAC, bungwe lokhazikitsa njira zovomerezeka zoyezera zakudya.

Mtundu wachiwiri umene umakolola kutchulidwa ndi mapepala ongosonkhanitsa zimene ena anapeza. Munthu amawerenga mapepala 300 a mutu umodzi, n'kulemba limodzi lowafotokoza onse. Likalembedwa mwaluso ndi ntchito yothandiza kwambiri, ine ndimauza wophunzira aliyense kuti ayambire pamenepo. Koma olemba ambiri, pofuna kuchirikiza chiganizo chimodzi cha m'mawu oyamba, amatchula pepala losonkhanitsalo m'malo mwa amene anagwira ntchito yeniyeni m'munda kapena mu labotale. Ndiye mukaona h-index yaikulu, funso loyamba ndi lakuti mwa mapepala 52 aja, ndi angati ali ndi zimene aphunzitsiwo anapeza okha.

Pali nkhani ina imene ndi yathuyathu pa sayansi ya zakudya, ndipo ndiima pang'ono pamenepa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kafukufuku wa ma antioxidant, zinthu za m'zakudya zimene amati zimateteza thupi kuti lisawonongeke, anadzaza magazini athu. Njira zake zinalipo kale, ndipo n'zosavuta komanso zosadula: ya Singleton ndi Rossi ya mu 1965 yoyezera ma phenol, ya DPPH imene Brand-Williams ndi anzake anaifotokoza mu 1995, ya FRAP ya Benzie ndi Strain ya mu 1996. Mumatenga tsamba, khungwa kapena njere ya chomera chilichonse, kuchiumitsa, kuchipera, kuchiviika mu methanol, kuthira mankhwala, n'kuona pa makina mmene mtundu wasinthira. Pakangotha milungu yochepa pepala lapezeka. Mawa mutenga chomera china, lapezekanso. Olemba mapepala otere ndi ambirimbiri ndipo amatchulana okhaokha, ndiye nambala zimakwera msanga. Koma mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku United States unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa ORAC, umene unkasonyeza mphamvu ya ma antioxidant m'zakudya zosiyanasiyana. Zifukwa zinali ziwiri: umboni unkasonyeza kuti zimene zimachitika m'katchubu ka mu labotale sizikutiuza zimene zimachitika m'thupi la munthu, komanso makampani ankagwiritsa ntchito nambalazo potsatsa malonda molakwika. Mapepalawo akutchulidwabe mpaka lero. Kuchuluka kwa mapazi panjira kumangokuuzani kuti anthu amadutsapo. Sikukuuzani ngati njirayo ikupita kuchitsime kapena kudzala.

Yerekezani liwiro limenelo ndi la munthu wopanga mitundu yatsopano ya mbewu, monga aphunzitsi achiwiriwo. Amakwatitsa mitundu iwiri, n'kudikira mibadwo ingapo kuti makhalidwe akhazikike, n'kusankha, n'kutaya yambiri, n'kuyesa yotsalayo m'madera osiyanasiyana kwa nyengo zingapo, kenako n'kupita nayo ku komiti ya boma yovomereza mbewu. Zaka khumi zimatha mosavuta. Mvula ikavuta chaka chimodzi, chaka chimenecho chapita. Pamapeto pake chimene chimatuluka ndi mbewu, mwina ndi pepala limodzi lalifupi loilembetsa. Mlimi akaibzala satchula aliyense. Ngakhale pakati pa asayansi a zomera okhaokha kusiyana kulipo: wofufuza majini pa Arabidopsis, kachomera ka mu labotale kamene kamakhwima pa milungu yochepa ndipo majini ake onse anawerengedwa mu 2000, ali ndi anzake masauzande omutchula, pamene wofufuza nzama kapena chilazi ali ndi ochepa padziko lonse. N'chifukwa chake Scopus ili ndi nambala ina, yoyerekeza pepala ndi mapepala ena a gawo lomwelo ndi chaka chomwecho, pomwe 1.0 ndi pakatikati. Imeneyo ndi yabwinoko kuposa h-index, ngakhale nayonso sidziwa kanthu za m'munda.

Mbiri ya tirigu ikusonyeza bwino mmene chikoka chimayendera pa ntchito ya mbewu. Norman Borlaug analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1970 chifukwa cha tirigu wamfupi amene anapanga ku Mexico, yemwe anakweza zokolola ku India ndi ku Pakistan. Koma kufupikako kunachokera ku mtundu wa ku Japan wotchedwa Norin 10, umene anaupanga ndi Gonjiro Inazuka. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mbewuyo inapita ku United States, komwe Orville Vogel wa ku Washington anaikwatitsa ndi tirigu wa kumeneko, n'kutumiza njere kwa Borlaug. Unyolo wonsewu unayenda ndi njere za mu envelopu. Mukanafufuza Inazuka m'mindandanda ya kutchulidwa simukanamuona wamkulu, koma majini amene anasankha ali m'tirigu wambiri amene dziko likudya. N'chimodzimodzi nkhani ya kodikodi amene anasakaza chinangwa mu Africa m'zaka za m'ma 1970. Anthony Bellotti wa bungwe lofufuza za ulimi la CIAT anapeza kachilomboko kwawo ku Paraguay, ndipo Hans Herren ndi anzake a bungwe linanso lofufuza za ulimi la IITA anachulukitsa kamavu kakang'ono komwe kamaikira mazira m'thupi mwake, n'kukamwaza m'mayiko ambiri, kwina pandege. Herren analandira World Food Prize mu 1995. Mukaona mndandanda wa olandira mphoto imeneyi, monga Yuan Longping ndi Monty Jones mu 2004 pa mpunga, Gebisa Ejeta mu 2009 pa mapira opirira chilala ndi kaufiti, kapena Maria Andrade, Robert Mwanga, Jan Low ndi Howarth Bouis mu 2016 pa mbewu zowonjezera michere m'thupi monga mbatata yofiira m'kati, muona kuti chimene chimayezedwa ndi chakudya chimene chinafika kwa anthu.

Komiti ya malamulo ijanso musaipeputse. Dongosolo la ukhondo wa zakudya lotchedwa HACCP, limene mafakitale ambiri a zakudya ofuna kugulitsa kunja amayenera kulitsatira, linayamba m'zaka za m'ma 1960 pamene kampani ya Pillsbury, bungwe la NASA ndi labotale ya asilikali a ku United States ankafuna chakudya chosadwalitsa cha opita mumlengalenga. Mu 1993 bungwe la Codex Alimentarius, la FAO ndi WHO, linavomereza ndondomeko zake, ndipo kuchokera apo linafalikira m'malamulo a mayiko. Munthu amene kafukufuku wake wagwiritsidwa ntchito poika malire a poizoni wa chuku m'chakudya wakhudza anthu ambiri kuposa owerenga magazini onse a sayansi, koma lamulo silikhala ndi dzina la wolemba.

Mwanenanso kuti aphunzitsi oyambawo ali pa mndandanda wa otchulidwa kwambiri. Funsani kuti ndi uti, chifukwa yodziwika ilipo iwiri ndipo siifanana. Wa Clarivate umatenga anthu amene ali ndi mapepala angapo omwe ali m'gulu la 1 peresenti yapamwamba pa gawo lawo ndi chaka chawo, ndipo mayina ake ndi masauzande ochepa. Winawo, umene anthu amautchula kuti wa Stanford, amaukonza ndi John Ioannidis ndi anzake pogwiritsa ntchito Scopus. Umatenga 2 peresenti yapamwamba, uli ndi mayina oposa 100,000, ndipo si mphoto yochokera ku yunivesite ya Stanford monga mmene zikwangwani zoyamikira zimanenera. Kupezeka pa uliwonse n'chizindikiro chakuti munthuyo akuwerengedwa. Koma pamene pali ulemu ndi ndalama, ochenjera sachedwa. Pali otchula mapepala awo omwe mopitirira muyezo. Pali timagulu togwirizana kuti ine ndikutchula, iwenso unditchule. Pali oyang'anira magazini ndi ounika mapepala amene amauza wolemba kuti awonjezere mapepala awo asanalivomereze. Mu 2023 Clarivate inachotsa gawo lonse la masamu pa mndandanda wake chifukwa chinyengo chinali chitasokoneza nambala. Chaka chomwecho nyuzipepala ya El País inalemba za katswiri wina wa sayansi ya nyama ku Spain amene dzina lake linapezeka pa mapepala 176 m'chaka chimodzi, kutanthauza pepala limodzi masiku awiri alionse. Aliyense amene anakhalapo mu labotale akudziwa kuti masiku awiri sakwana ngakhale kuwerenga bwinobwino zimene wophunzira wapeza. Sindikunena kuti aphunzitsi anu ali m'gulu limeneli. Mapepala 200 pa zaka 25, kwa munthu wotsogolera labotale ya ophunzira ambiri, n'zotheka ndithu. Mapepala 200 pa zaka zisanu amafuna mafunso.

Dziwaninso kuti kutchulidwa sikusiyanitsa wovomereza ndi wotsutsa, ndipo pepala likachotsedwa m'magazini chifukwa cha zolakwika, anthu amapitiriza kulitchula. Brian Wansink wa ku Cornell University anali mmodzi mwa ofufuza odziwika kwambiri pa nkhani ya kadyedwe ka anthu, monga zoti kukula kwa mbale kumasintha kuchuluka kwa zimene munthu amadya. Mu 2018 magazini a zachipatala a JAMA anachotsa mapepala ake asanu ndi limodzi tsiku limodzi, yunivesite inapeza kuti sanayendetse kafukufuku mwachilungamo, iye n'kulengeza zosiya ntchito. Nambala zake zinali zokongola mpaka tsiku limenelo.

Za impact factor ya magazini ndinena mwachidule. Imawerenga kutchulidwa kwa mapepala a zaka ziwiri zapitazo zokha, zimene zimapondereza magawo oyenda pang'onopang'ono monga ulimi, ndipo ndi nambala ya magazini, osati ya munthu. Eugene Garfield amene anaiyambitsa ankafuna kusankhira magazini oti alowe m'mndandanda wake wowerengera kutchulidwa kwa mapepala. Chikalata cha DORA, chimene chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012, chimapempha mayunivesite kuti asamaweruze wofufuza potengera nambala imeneyi.

Komabe musathamangire kuganiza kuti wa nambala yaing'ono ndiye ngwazi yobisika. Anthu amakonda kutchula Gregor Mendel, amene pepala lake la nsawawa la mu 1866 linakhala osalabadiridwa mpaka 1900, kapena Barbara McClintock, amene anaona majini osuntha m'chimanga m'zaka za m'ma 1940 n'kudzalandira Nobel mu 1983. Zoona, koma ambiri amene sawerengedwa si a Mendel. Sawerengedwa chifukwa salemba, kapena zimene amalemba sizithandiza wina aliyense. Wofufuza amene sasindikiza zimene wapeza amalepheretsa anzake kuziunika ndi kumangapo, ndipo wophunzira wake amatuluka wopanda pepala. Kwa inu nkhani imeneyi ndi yaikulu. Ngati mukufuna kudzapitiriza udokotala, opereka thandizo la maphunziro adzafunsa pepala limene dzina lanu lili poyamba, ndipo sadzamva zoti nyemba zili m'munda. Zimene anzanu akunena za aphunzitsi achiwiriwo zifufuzeninso monga mmene mufufuzire nambala za oyambawo. Mitundu ya mbewu yovomerezeka imalembedwa ndi boma pamodzi ndi bungwe limene linaitulutsa. Pezani mayina a mitunduyo, chaka chimene inatuluka, ntchito imene iwo anagwirapo, komanso ngati makampani a mbewu akuichulukitsadi. Mitundu yambiri imavomerezedwa koma n'kuthera m'kabati.

Kwa aphunzitsi oyambawo, tsegulani tsamba lawo n'kuona mapepala khumi apamwamba. Onani ngati ndi ofotokoza zimene anapeza kapena ongosonkhanitsa. Onani pamene dzina lawo lili: pa sayansi zathuzi woyamba ndi amene anagwira ntchito yambiri, womaliza nthawi zambiri ndi mwini labotale, ndipo dzina likamapezeka pakati pa mayina 20 m'mapepala a mitu yosagwirizana, lero nsomba, mawa khofi, mkuja mapulasitiki, chenjerani. Pa Scopus pali pochotsera kudzitchula kwa munthu mwini. Onani kuti nambala itsika bwanji. Kenako chitani chimene ambiri amachita nacho ulesi: sankhani pepala lawo limodzi la kafukufuku weniweni, tsegulani mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi amene analitchula, muone pamene latchulidwira. Ngati wina kudziko lina anatenga njira yawo n'kuigwiritsa ntchito, kapena anayesa kubwereza zimene anapeza, kapena anakangana nazo m'ndime yathunthu, chimenecho ndi chikoka. Ngati langoikidwa m'gulu la mapepala asanu ndi awiri pambuyo pa chiganizo chakuti zipatso zili ndi mavitamini, ndi phokoso chabe. Lembani dzina lawo pa tsamba la Retraction Watch kuti muone ngati ali ndi pepala lochotsedwa, ndipo yerekezani ndi nambala yawo ya ORCID, yomwe ili ngati chiphaso cha wofufuza, chifukwa Google Scholar imasakaniza anthu a mayina ofanana.

Kuchokera pa zimene mwandiuzazi, maganizo anga ndi akuti oyambawo ali ndi chikoka chachikulu pakati pa olemba mapepala, ndipo achiwiriwo, ngati nkhani ya nyembayo ndi yoona, ali ndi chikoka chimene chafika kutali kuposa. Koma inu simukupereka mphoto, mukusankha munthu woti mukhale naye zaka ziwiri, ndipo chikoka chimene chikukukhudzani ndi chimene chimaoneka pa ophunzira awo. Pezani atatu amene anamaliza ndi aliyense wa iwo. Afunseni kuti anamaliza pa nthawi yake kapena ayi, ankadikira nthawi yaitali bwanji kuti chaputala chibwerere ndi ndemanga, ndani anawaphunzitsa kugwiritsa ntchito makina, ndiponso ngati pepala lochokera pa kafukufuku wawo linatuluka dzina lawo lili poyamba. Pulofesa wotchuka amakhala paulendo kawirikawiri, ndipo mungapezeke kuti wokuyang'anirani weniweni ndi wophunzira wa udokotala. Zimenezo si zoipa ngati wophunzirayo ndi waluso, koma muzidziwiretu.

Malamulo a mayunivesite ambiri amalola oyang'anira awiri. Mutu monga kaphikidwe, michere kapena kasungidwe ka mitundu ya nyemba ija ungafune mbewu za achiwiriwo ndi labotale ya oyambawo, ndiye funsani ku dipatimenti ngati zingatheke. Mukakumana nawo, musachoke musanamve za zinthu ziwiri: ndalama zogulira mankhwala a mu labotale zichokera kuti, komanso mayina pa pepala adzalembedwa motani. Mukagwirizana, atumizireni kalata ya pa imelo yobwereza zimene mwakambiranazo, ndipo muisunge.